Kuvota kukakhala kokakamiza, mphamvu za Akhristu oumirira pa chikhalidwe zimalowera kuti?

Ku Australia, munthu amene dzina lake lili m'kaundula koma sanaonekere pa tsiku la chisankho cha dziko lonse amalandira kalata yochokera ku bungwe loyendetsa zisankho la Australian Electoral Commission. Kalatayo imafunsa funso limodzi: n'chifukwa chiyani simunavote? Ngati munthuyo alibe chifukwa chomveka, amalipira chindapusa cha madola 20 a dzikolo, ndalama yomwe kumeneko sikwanira ngakhale nkhomaliro ya anthu awiri mulesitilanti. Akanyalanyaza kalatayo, nkhani imatha kukafika kukhothi ndipo chindapusa chimakwera. Lamulo lonse lathera pamenepo. Palibe wapolisi wogogoda pakhomo, palibe womangidwa m'mawa mwake.

Koma kachindapusa kameneka kanasintha ndale za dziko lonse. Pachisankho cha 1922, anthu amene anavota sanakwane 60 pa 100 alionse olembetsa. Mu 1924 phungu wa nyumba ya Seneti wochokera ku Tasmania, a Herbert Payne, anabweretsa bilu yoti kuvota kukhale kokakamiza, potsanzira chigawo cha Queensland chomwe chinali chitayamba kale mu 1915. Biluyo inadutsa popanda mkangano weniweni. Pachisankho cha 1925 chiwerengero chinadumpha n'kupitirira 91 pa 100, ndipo kuyambira pamenepo chakhala chili pafupi ndi 90 kapena kupitirira apo. Chisankho chimachitika Loweruka, m'masukulu ndi m'maholo a matchalitchi, ndipo makolo a ana a sukulu amaotcha soseji panja n'kumagulitsa kwa anthu a pamzere kuti apezere sukulu ndalama.

Anthu ambiri a ku Australia akamayang'ana ndale za ku America, komwe abusa ndi magulu a Chikhristu ali ndi mawu amphamvu m'chipani cha Republican, amati chomwe chinawapulumutsa ku zimenezo ndi lamulo lomweli. Mfundoyi ili ndi choonadi chake, koma siyonse. Ine ndikuona kuti lamulo lokakamiza kuvota limalanda magulu achipembedzo chida chimodzi chokha, ngakhale kuti ndi chida chachikulu. Zida zina zimatsala m'manja mwawo, ndipo m'mayiko ena lamulo lomwelo limawawonjezera mphamvu.

Tiyambe tamvana za anthu amene tikuwanena. Si Akhristu onse. Tikunena Akhristu amene povota amatsogoza nkhani za banja ndi makhalidwe: amakana kuchotsa mimba, amakana maukwati a amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, amakana lamulo lolola madokotala kuthandiza wodwala kwambiri kufa, ndipo amafuna kuti sukulu ndi zipatala za mipingo zikhale ndi ufulu woyendera chiphunzitso chawo. Ku America ambiri mwa iwo ndi azungu a mipingo ya Evanjeliko, pamodzi ndi Akatolika ena. Ku Brazil ambiri ndi a Pentekosite. Ku Australia ndi osakanikirana.

Masamu a anthu otsala kunyumba

Kuti nkhaniyi imveke, tiyerekeze dera la anthu 100 oyenera kuvota. Manambala awa ndi ongoyerekeza. Mwa anthu 100 amenewa, 15 ndi a gulu lomwe tanenali. Tsiku la chisankho, kumene kuvota n'kosakakamiza, tinene kuti anthu 50 okha ndiwo apita. Koma a gulu lija, poti abusa anawakumbutsa Lamulungu zitatu zotsatizana, poti amayi a mpingo anaimbirana mafoni ndipo galimoto ya tchalitchi inanyamula okalamba, apita 13 mwa 15 aja. Pamzere wa anthu 50, iwo ndi 13, kutanthauza kuti munthu mmodzi mwa anayi alionse ndi wawo. M'mudzi ndi ochepa, koma m'bokosi la mavoti akula pafupifupi kawiri.

Tsopano tipite kuzisankho zachipulula, komwe chipani chimasankha woti achiimirire. Kumeneko mwina kubwera anthu 20 okha, ndipo 10 mwa iwo n'kukhala a gulu lomwe lija. Afika pa theka. Ngati deralo ndi loti chipani chimenecho sichigonja, ndiye kuti phungu wasankhidwa kale kuchipulula komweko, ndipo amene amusankha ndi anthu 10 aja. Phunguyo akakafika ku Nyumba ya Malamulo sadzaopa anthu 85 otsalawo. Adzaopa anthu 10 amene angamuchotse pachipulula chotsatira.

Bweretsani lamulo lokakamiza. Pamzere pali anthu 92, a gulu lija 14. Abwerera pamsinkhu wawo weniweni, pafupifupi 15 pa 100. Palibe amene wawalanda voti. Chomwe chatha ndi phindu lomwe amapeza chifukwa cha kujomba kwa anzawo.

Mpingo uli ndi mwayi pa ntchito yotulutsa anthu m'nyumba umene mabungwe ena alibe. Anthu ake amakumana sabata iliyonse, chisankho chilipo kapena palibe. Amadziwana mayina, amadziwa amene wadwala ndi amene wasamuka. Mtsogoleri wawo ndi munthu yemwe anawadalitsira ukwati ndi kuwaikira maliro, osati mlendo wobwera ndi chimkuzamawu nthawi ya kampeni yokha. Chipani chandale chimawononga ndalama zankhaninkhani kuti chimange zimene mpingo uli nazo kale.

Mmene America inasandutsira zimenezi kukhala makina

Ku America kuvota n'kwaufulu, kumachitika Lachiwiri, tsiku la ntchito, ndipo m'zigawo zambiri munthu ayenera kudzilembetsa yekha. Pachisankho cha pulezidenti amavota anthu pafupifupi 60 pa 100. Mu 2020 anafika cha m'ma 66, ndipo chimenecho chinali chiwerengero chomwe dzikolo linali lisanaone kwa zaka zoposa 100. Pachisankho cha aphungu cha 2014 sanakwane ngakhale 40 pa 100. Kuchipulula nthawi zambiri kumapita munthu mmodzi mwa asanu.

M'dziko lotere, funso lalikulu la wandale silikhala lakuti "ndikope bwanji anthu a maganizo a pakatikati?" Limakhala lakuti "anthu anga ndiwadzutse bwanji?" Ndipo munthu sadzuka pampando chifukwa cha mfundo ya misonkho yofotokozedwa mofatsa. Amadzuka akamva kuti chinthu chopatulika chili pangozi.

M'busa Jerry Falwell anayambitsa gulu la Moral Majority mu 1979, ndipo imodzi mwa ntchito zake zazikulu inali kulembetsa anthu a m'matchalitchi m'kaundula wa zisankho. Patatha zaka khumi, a Pat Robertson anakhazikitsa Christian Coalition, yomwe motsogozedwa ndi a Ralph Reed inatchuka ndi timapepala tosonyeza maganizo a opikisana pa nkhani monga kuchotsa mimba ndi mapemphero m'sukulu. Timapepalato tinkagawidwa m'matchalitchi mamiliyonimamiliyoni Lamulungu lomaliza chisankho chisanachitike. Mlangizi wa a George W. Bush, a Karl Rove, anadandaula poyera kuti mu 2000 Akhristu a Evanjeliko pafupifupi 4 miliyoni amene ankawayembekezera anatsala kunyumba. Taonani dandaulo lake: sananene kuti anthuwo anavotera mdani, anati sanabwere. Mu November 2004, tsiku lomwe a Bush ankapikisana kachiwiri, zigawo 11 zinavoteranso malamulo oletsa maukwati a amuna kapena akazi okhaokha, ndipo konseko malamulowo anadutsa. Akatswiri amatsutsanabe ngati zimenezi n'zimene zinapambanitsa a Bush, koma njira yake inali yoonekeratu.

Mu 2016, azungu a Evanjeliko pafupifupi 8 mwa 10 alionse amene anavota anasankha a Donald Trump, munthu yemwe moyo wake sunkafanana ndi zimene iwo amalalikira. Chimene ankafuna chinali majaji, ndipo anawapeza: Neil Gorsuch, Brett Kavanaugh ndi Amy Coney Barrett. Mu June 2022 khothi lalikulu la dzikolo linafafaniza chigamulo cha 1973 cha Roe v. Wade chomwe chinkateteza ufulu wochotsa mimba m'dziko lonse. Inali ntchito ya zaka pafupifupi 50, yogwiridwa modekha, chisankho ndi chisankho.

Chomwe chinachitika patangotha milungu isanu ndi umodzi n'chofunika kwambiri pankhani yathuyi. Mu August 2022 anthu a ku Kansas, chigawo chomwe chimavotera a Republican pafupifupi nthawi zonse, anafunsidwa ngati akufuna kuchotsa chitetezo cha ufulu wochotsa mimba m'malamulo aakulu a chigawo chawo. Votiyo inaikidwa pa tsiku la chipulula, pomwe nthawi zambiri kumabwera anthu ochepa. Ulendo uno anthu anakhamukirako, ndipo pafupifupi 59 pa 100 anakana. Aphungu a Kansas ankaimira maganizo a anthu amene amavota nthawi zonse. Anthu ena onse atatuluka, yankho linakhala lina.

Ku Australia: khomo limodzi lotsekeka

Wandale wa ku Australia sada nkhawa kuti anthu ake atsala kunyumba. Abwera, afune asafune. Choncho kuwakwiyitsa kapena kuwaopseza kuti adzuke kulibe phindu lalikulu, ndipo kungathe kuthamangitsa mayi wa m'tauni yemwe satsata ndale koma Loweruka lija adzakhala pamzere. Chisankho chimapambanidwa ndi amene wakopa anthu oterewa, omwe nkhawa zawo ndi ngongole ya nyumba, mtengo wa magetsi ndi chipatala.

Pali chinanso chomwe anthu amaiwala akamatamanda lamulo lokakamiza. Kuyambira mu 1918, posankha aphungu a nyumba yaikulu ya malamulo, yomwe imatulutsa boma, wovota sachonga dzina limodzi. Amalemba 1, 2, 3 mpaka mayina onse atha, malinga ndi mmene akuwakondera. Ngati palibe wapitirira theka, wotsalira kwambiri amachotsedwa ndipo mavoti ake amapita kwa amene analembedwa 2, mpaka wina apitirire theka. Ndiye kuti Mkhristu wokhumudwa ndi chipani cha Liberal akhoza kupereka 1 kwa kachipani kachikhristu, koma voti yake pamapeto pake nthawi zambiri idzagwerabe kwa Liberal kapena Labor, zipani ziwiri zikuluzikulu za dzikolo. Sangaopseze kuti "mukapanda kutimvera tikhala kunyumba", ndiponso kuopseza kuti "tivotera ena" kulibe mano kwenikweni. Ku America ziopsezo ziwirizi ndiye chikwapu chenicheni.

Zotsatira zake zikuoneka. A Tony Abbott a Liberal, Mkatolika wolimba yemwe anaphunzirapo zaunsembe, anakhala nduna yaikulu kuyambira 2013 mpaka 2015, koma sanayese kubweza malamulo a kuchotsa mimba. A Scott Morrison, nduna yaikulu ina ya Liberal, wa mpingo wa Pentekosite, amene atapambana mosayembekezeka mu 2019 ananena kuti akhala akukhulupirira zozizwitsa moyo wawo wonse, analonjeza lamulo loteteza anthu opembedza ku tsankho. Mu February 2022 aphungu asanu a chipani chawo chomwe anagwirizana ndi otsutsa pofuna kuti ana a m'sukulu za mipingo asamachotsedwe chifukwa cha mmene alili pa nkhani za kugonana kapena za kudziona ngati mwamuna kapena mkazi. Boma linangoisiya biluyo, ndipo mu May linagwa. M'zaka zomwe zigawo zambiri za ku America zinkakhwimitsa malamulo a kuchotsa mimba, za ku Australia zinkachotsa nkhaniyi m'gulu la milandu: Victoria mu 2008, Queensland mu 2018, New South Wales mu 2019, South Australia mu 2021.

Komabe tisathamange. Australia ndi dziko lomwe chipembedzo chikuchepa mofulumira. Kalembera wa 2016 anapeza kuti Akhristu ndi 52 pa 100. Wa 2021 anapeza 44, pomwe osapembedza anafika pafupifupi 39. Gulu laling'ono likadakhalabe laling'ono ngakhale popanda lamuloli. Ndipo New Zealand, Canada ndi Britain, komwe palibe wokakamizidwa kuvota, nakonso kulibe gulu landale lachikhristu lamphamvu ngati la ku America.

Pali mfundo ina yovutirapo kwa otamanda lamuloli. Canada inavomereza maukwati a amuna kapena akazi okhaokha mu 2005. New Zealand mu 2013. Nyumba ya Malamulo ya ku London inavomereza chaka chomwecho. America, kudzera kukhothi, mu 2015. Australia, dziko lomwe akuti magulu achipembedzo alibe mphamvu, linabwera pambuyo pa onsewa, mu December 2017, ngakhale kuti kafukufuku ankasonyeza kwa zaka zingapo kuti anthu ambiri ankavomereza. Ndani ankagwira chitseko nthawi yonseyi?

Makomo otsala otseguka

Madzi saiwala khwawa. Ukawatchinga apa, amatulukira pena.

Khomo loyamba ndi m'kati mwa zipani. Ku Australia kulibe chipulula cha anthu onse ngati ku America. Woimirira chipani amasankhidwa ndi mamembala olipira makhadi ndi akuluakulu a chipani, ndipo mamembalawo ndi ochepa kwambiri. M'dera lina anthu mazana ochepa okha ndiwo amasankha phungu wa mawa. Lamulo lokakamiza silifika m'chipinda chimenecho. Masamu athu a anthu 10 mwa 20 aja amagwira ntchito bwinobwino, mwinanso kuposa ku America. N'chifukwa chake m'chipani cha Liberal, makamaka ku Victoria ndi South Australia, mwakhala mikangano yoti magulu ena akulembetsa anthu a m'matchalitchi mwaunyinji kuti alande nthambi za chipani. Ngakhale m'chipani cha Labor, bungwe la ogwira ntchito m'masitolo la SDA, lomwe kwa zaka zambiri linkatsogozedwa ndi Mkatolika a Joe de Bruyn, linali ndi aphungu ake omwe ankakana maukwati aja. Mu 2004, boma la a John Howard a Liberal litalemba m'lamulo kuti ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi, Labor inavomereza nawo.

Khomo lachiwiri ndi manambala a 2 ndi 3 aja. Mu 1955 chipani cha Labor chinagawanika. Gulu la Akatolika odana ndi chikomyunizimu, lolimbikitsidwa ndi a B. A. Santamaria, linatuluka n'kudzakhala Democratic Labor Party. Kachipani kameneka sikanapambanepo mpando wa nyumba yaikulu pachisankho cha dziko lonse, koma kankauza otsatira ake kuti nambala 2 aipereke kwa Liberal. Imeneyi ndi imodzi mwa zifukwa zomwe Labor inakhalira kunja kwa boma mpaka 1972.

Khomo lachitatu ndi Seneti, komwe mipando imagawidwa molingana ndi kuchuluka kwa mavoti ndipo boma nthawi zambiri silikhala ndi aphungu okwanira palokha. A Brian Harradine, Mkatolika woima payekha wa ku Tasmania, anakhala m'nyumbayi kuyambira 1975 mpaka 2005. Mu 1996, pomwe boma la a Howard linkafuna voti yawo kuti ligulitse gawo la kampani ya mafoni ya Telstra, kunadutsa lamulo lawo loti mankhwala ochotsera mimba a RU486 asalowe m'dziko popanda chilolezo cha nduna ya zaumoyo. Lamulolo linakhala zaka khumi, mpaka aphungu analichotsa mu 2006. Mu 2004 a Steve Fielding a chipani cha Family First anapambana mpando wa mu Seneti ndi mavoti oyamba osakwana 2 pa 100 ku Victoria, chifukwa cha mgwirizano wa zipani wopatsana manambala. Kuyambira 2008 mpaka 2011 boma la Labor linkafunika voti yawo nthawi iliyonse yomwe otsutsa akana bilu. Njira imene inawalowetsa inathetsedwa mu 2016.

Khomo lachinayi ndi kukambirana ndi atsogoleri mwachindunji. Bungwe la Australian Christian Lobby, lomwe linayamba mu 1995, linakwanitsa mu 2007 kuti a Howard ndi mdani wawo a Kevin Rudd onse awiri alankhule kwa Akhristu pamsonkhano womwe unaonetsedwa m'matchalitchi mazanamazana kudzera pa intaneti. Onse awiri anabwera chifukwa m'dziko lomwe aliyense amavota, chisankho chimatha kutembenuka ndi anthu 2 pa 100 m'madera ochepa, ndipo palibe mtsogoleri amene amafuna kuti anthu 2 amenewo amuone ngati wonyoza chikhulupiriro.

Nkhani ya 2017 ili ndi mbali ina yomwe imandichititsa chidwi kuposa zonse. Boma litalephera kugwirizana m'kati mwake, linafunsa anthu maganizo awo pa maukwati a amuna kapena akazi okhaokha kudzera m'makalata a papositi, ndipo kuyankha kunali kosakakamiza. Anayankha anthu 79.5 pa 100, umboni woti chizolowezi chovota chinazika mizu kuposa mantha a chindapusa. Ovomereza anali 61.6 pa 100. Dera la a Abbott la Warringah linavomereza ndi 75 pa 100. Koma madera amene anakana kwambiri anali a kumadzulo kwa Sydney, a anthu ogwira ntchito zamanja ndi obwera kuchokera ku Lebanon, Vietnam, China, zilumba za Pacific ndi kwina, Asilamu ndi Akhristu omwe. Ku Blaxland okana anali pafupifupi 74 pa 100, ndipo phungu wa kumeneko anali wa Labor. Anthu ngati amenewa, osauka ndiponso achilendo, ndi amene m'mayiko osakakamiza kuvota amatsala kunyumba mwaunyinji. Lamulo likawabweretsa pamzere, limabweretsanso chikhulupiriro chawo. Labor itagonja mu 2019, lipoti lake lofufuza zifukwa linavomereza kuti chipanicho chinataya mavoti pakati pa Akhristu odzipereka, makamaka obwera kumene m'dzikolo. Choncho lamuloli silimangochepetsa mphamvu za opembedza. Limawamwaza m'zipani zonse ziwiri, m'malo mowaunjika m'chipani chimodzi.

Brazil: lamulo lomwelo, zipatso zina

Amene akuganiza kuti kukakamiza kuvota ndi mankhwala a ndale zachipembedzo ayang'ane ku Brazil. Kumeneko kuvota n'kokakamiza kwa aliyense wodziwa kulemba ndi kuwerenga wa zaka zapakati pa 18 ndi 70. Chindapusa n'chochepetsetsa, sichifika ngakhale dola imodzi ya ku America, koma wosakonza nkhani yake amavutika kupeza pasipoti kapena ntchito ya boma. Pafupifupi anthu 80 pa 100 amavota. Ndipo ndi m'dziko lomwelo momwe gulu la aphungu a Evanjeliko lili pakati pa magulu amphamvu kwambiri m'Nyumba ya Malamulo.

Chifukwa choyamba ndi chiwerengero. Mu 1980 a Evanjeliko sankakwana 7 pa 100. Kalembera wa 2022 anawapeza ali pafupifupi 27 pa 100, ambiri a iwo m'madera osauka ozungulira mizinda ikuluikulu. Gulu likakhala lalikulu chonchi, kulibwezera pamsinkhu wake weniweni sikulichepetsa.

Chifukwa chachiwiri ndi mmene aphungu amasankhidwira. Chigawo chonse ndi dera limodzi. São Paulo yokha ili ndi mipando 70 mwa 513, ndipo opikisana amaposa 1,000. Wovota amatayipa pamakina nambala ya munthu mmodzi kapena ya chipani. Tangoganizirani mayi wogulitsa mumsika, amene ndale sizimukhudza mtima, koma lamulo likuti apite. Asankha ndani pa khamu lonselo? Ngati abusa ake anamupatsa kapepala kokhala ndi nambala ya m'bale wa mumpingo, funso layankhidwa. Apa lamulo lokakamiza likugwirira ntchito mpingo: boma ndilo lamutulutsa m'nyumba, mpingo wangomuuza nambala. Mpingo wa Universal wa a Edir Macedo, womwenso uli ndi wailesi yakanema ya Record, unaidziwa bwino njira imeneyi, ndipo bishopu wake a Marcelo Crivella anasankhidwa kukhala meya wa Rio de Janeiro mu 2016.

A Jair Bolsonaro, omwe amadzitcha Mkatolika koma anabatizidwa ndi m'busa wa Pentekosite mumtsinje wa Yorodano mu 2016, anapambana mu 2018 ndi mavoti 55 pa 100, ndipo pafupifupi awiri mwa atatu alionse a Evanjeliko anawavotera. Analonjeza kuika jaji wa Evanjeliko m'khothi lalikulu ndipo mu 2021 anaika a André Mendonça, m'busa wa Presbyterian. A Lula, kuti apambane mu 2022 ndi 50.9 pa 100, anachita kulembera a Evanjeliko kalata yapadera yowatsimikizira kuti satseka matchalitchi.

Mbiri ya mayiko ena ikusonyezanso kuti lamuloli lilibe mbali. Belgium inaliyambitsa mu 1893, nthawi yomwe chipani cha Akatolika chinali m'boma ndipo gulu lodziwa kusonkhanitsa anthu linali la asosholisiti. Kumeneko opindula anali Akatolika, chifukwa alimi a kumidzi ndi anthu ofatsa a m'matauni sakanathanso kutsala kunyumba. Ku Chile, lamuloli litabwezeretsedwa mu 2022, anthu pafupifupi 62 pa 100 anakana malamulo aakulu atsopano omwe analembedwa ndi ofuna kusintha zinthu mofulumira. Chaka chotsatira chipani cha a José Antonio Kast, Mkatolika woumirira pa chikhalidwe, chinatsogolera kulemba ena, ndipo anthu omwewo anawakananso. Khamu lalikulu likabwera, limakonda kukana aliyense wothamanga kwambiri, kaya akuthamangira kumanja kapena kumanzere.

Kwa ife a ku Malawi, phunziro la Brazil ndi lapafupi kuposa la Australia. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Akhristu ndi 77 pa 100 ndipo Asilamu pafupifupi 14, ndipo pankhani za banja magulu awiriwa amagwirizana. Aphungu atakana ngakhale kukambirana bilu ya kuchotsa mimba mu 2021, sankaopa kagulu kakang'ono kodziwa kusonkhanitsa anthu. Ankaopa anthu ambiri a m'madera awo. Kukakamiza kuvota sikukanasintha kanthu pamenepo.

Ineyo lamuloli ndimaligwirizana nalo, koma osati chifukwa chofuna kutseka pakamwa opembedza. Munthu wovota motsogozedwa ndi chikhulupiriro chake ali ndi ufulu wofanana ndi wovota motsogozedwa ndi thumba lake, ndipo mipingo yomwe imaphunzitsa anthu ake kupita kukavota siyenera kudzudzulidwa chifukwa chochita bwino zimene ena akulephera. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti boma likakakamiza nzika kuvota, nalo limakakamizika kufewetsa kavotedwe. Ku Australia kuli kuvota masiku angapo chisankho chisanafike, kuvota papositi, ndi magulu a ogwira ntchito amene amanyamula mabokosi kupita kuzipatala, kunyumba za okalamba ndi kumidzi yakutali ya Aaborijini. Ndipo palibe chipani chomwe chingapindule kwenikweni ndi kufooketsa anthu a chipani china kuti asavote.

Otsutsa amati kukakamiza munthu kusankha n'kuphwanya ufulu wa chikumbumtima. Dandaulo limeneli si lopepuka, ndipo ife tikudziwa kulemera kwake. A Mboni za Yehova anazunzidwa koopsa m'dziko muno mpingo wawo utaletsedwa mu 1967, chifukwa chokana kugula khadi la chipani, ndipo ambiri anathawira ku Zambia ndi Mozambique mpaka chiletso chinachotsedwa mu 1993. Lamulo la ku Australia linaiganizira mfundoyi. Poti voti ndi yachinsinsi, munthu akhoza kulandira pepala n'kuliponya m'bokosi osalembapo kanthu, palibe angadziwe. Komanso lamulo limanena momveka kuti amene amakhulupirira kuti chipembedzo chake chimamuletsa kuvota ali ndi chifukwa chokwanira, salipira chindapusa.

Mwa opindula ndi chilolezo chimenechi muli mpingo waung'ono wa Exclusive Brethren, womwe masiku ano umadzitcha Plymouth Brethren Christian Church. Kwa zaka zambiri anthu ake akhala akukana kuvota ponena kuti maboma amaikidwa ndi Mulungu. Koma pachisankho cha 2004 ena mwa mamembala ake, ambiri a iwo ochita mabizinesi, analipira zotsatsa m'manyuzipepala zothandiza boma la a Howard ndi kudzudzula chipani choteteza chilengedwe cha Greens. Mu 2025 manyuzipepala analembanso kuti mamembala ambirimbiri a mpingowu anaima pamalo ovotera atavala malaya a Liberal n'kumagawa timapepala tosonyeza mmene munthu angalembere manambala aja. Mpingowo unati sunawatume, aliyense anapita mwa kufuna kwake. Analipo, ndalama ndi nthawi anapereka, ndipo chipani chinawalandira. Pa 3 May anthu pafupifupi 9 mwa 10 alionse olembetsa anavota monga mwa nthawi zonse. Labor inatenga mipando 94 mwa 150, ndipo mtsogoleri wa Liberal, a Peter Dutton, anataya mpando wawo wa Dickson womwe anaugwira kuyambira 2001.